Kachitsulo mumtsempha wa mtima: kamapulumutsa ndani?

Mu Ogasiti 2013, mtsogoleri wakale wa dziko la America, a George W. Bush, anapita kukapimitsa m'thupi mumzinda wa Dallas monga ankachitira chaka ndi chaka. Anali ndi zaka 67, bambo wamphamvu zake, wodziwika ndi kupalasa njinga m'mapiri. Madokotala atawayeza anapeza kuti umodzi mwa mitsempha yodyetsa mtima wawo wayamba kutsekeka, ndipo m'mawa mwake anawaika stent, kachitsulo kolukidwa kamene amakalowetsa mumtsempha kuti ukhale chitsegukire. Tsiku lotsatira anatuluka m'chipatala ali bwinobwino. Koma akatswiri a mtima sanamvane. Ena anati madokotalawo apulumutsa moyo. Ena anafunsa poyera kuti munthu amene sankadandaula pachifuwa anamupulumutsa ku chiyani.

Mkanganowu sunayambire pa a Bush ndipo sunathere pa iwo. Chaka chilichonse anthu mamiliyoni padziko lapansi amaikidwa ma stent, ndipo funso lakuti woyenera ndani lagawa madokotala kwa zaka pafupifupi 20. Koma tisanalowe m'bwalo, tichotse kaye mlandu umene palibe amautsutsa. Mtima ndi mnofu, ndipo umadya kudzera m'mitsempha ikuluikulu itatu yoyenda pamwamba pake, uliwonse wotambalala mamilimita 3 kapena 4 okha. M'makoma a mitsemphayi mumaunjikana mafuta pang'onopang'ono, makamaka mwa anthu osuta fodya, a shuga, a BP ndi amene matendawa ali kumtundu kwawo. Tsiku lina chotupa cha mafutacho chimatha kung'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekekeratu. Imeneyo ndiyo heart attack, ndipo mnofu wa mtima umayamba kufa ola lisanathe. Apa kapaipi kamene madokotala amalowetsa mumtsempha kuti akatsegule potsekekapo ndi mpulumutsi. Mu 2003 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku 23, ndipo zinaonetsa kuti mwa odwala 100 otsegulidwa mtsempha ndi kapaipi ankamwalira 7, pamene mwa 100 opatsidwa mankhwala osungunula magazi oundana ankamwalira 9. N'chifukwa chake zipatala zokhala ndi zipangizo zimalimbana kuti mtsempha utseguke pasanathe mphindi 90 wodwala atafika pakhomo.

Mlandu uli pa munthu wina, amene mtsempha wake wangochepa koma sunatsekeke. Akamakwera chitunda kapena masitepe chifuwa chimathina, ululu nthawi zina n'kutsikira kumkono wamanzere kapena kukwera kunsagwada. Akaima mphindi ziwiri zitatu, zimatha. Madokotala amati angina. Ena alibe n'komwe ululu, anangowapeza powayeza. Kodi munthu wotereyu aikidwe stent, kapena apatsidwe mapiritsi azipita kwawo?

Amene amati aikidwe ali ndi mbiri yokoma kumbuyo kwawo. Mu 1929, dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, anadzilowetsa yekha kapaipi mumtsempha wa pamkono mpaka kukafika mumtima mwake, n'kuyenda wapansi kupita kuchipinda cha X-ray kukadzijambulitsa. Akuluakulu ake anamuyesa wozungulira mutu, koma mu 1956 analandira mphotho ya Nobel. Pa 16 Seputembala 1977, ku Zurich, Andreas Grüntzig anatsegula mtsempha wa mtima wa bambo wina wa zaka 38 ndi kabaluni komangidwa kunsonga kwa kapaipi. Mabaluni oyambirira ankawapangira patebulo la kukhitchini kunyumba kwake. Kufikira nthawi imeneyo, mankhwala akalephera njira inali bypass basi: kucheka fupa la pachifuwa, kutenga mtsempha wa kumwendo kapena wa m'chifuwa, n'kuulumikiza molambalala potsekekapo. Munthu ankatha milungu yambiri asanabwerere mwakale. Kabaluni nako kanali ndi zake. Nthawi zina kankang'amba khoma la mtsempha, mtsempha n'kutsekeka wodwala adakali patebulo, ndipo mwa odwala atatu alionse mmodzi ankabwereranso pasanathe miyezi 6 mtsempha utachepanso. Stent inabwera kudzathetsa zimenezi. Oyamba kuiika mwa anthu anali Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne mu 1986, ndipo kuyambira 2002 kunafika ma stent opakidwa mankhwala oletsa chipsera kumera m'kati, amene anatsitsa vuto la kuchepanso kwa mtsempha kufika pa odwala osakwana 10 pa 100 alionse.

Ntchito yake lero ndi yochititsa kaso. Wodwala samugoneka tulo. Amagona chagada patebulo lopapatiza, dzanja atalitambasula, ndipo dokotala amamubaya jakisoni wa dzanzi pomangira wotchi, pamalo paja namwino amagwira akamamvetsera kugunda kwa mtima. Pamenepo amalowetsa kapaipi kamene kamakwera mkono wonse, kukhota paphewa, n'kukaima pakhomo pa mitsempha ya mtima. Wodwala kawirikawiri samva n'komwe kuti m'thupi mwake mukuyenda chinthu. Akapopera mankhwala amadzi okhala ndi ayodini, mitsempha imaonekera pa sikirini ya X-ray, yakuda, nthambinthambi, ikugwedezeka ndi kugunda kwa mtima, ndipo penapake pamaoneka powonda. Dokotala amadutsitsa pamenepo kawaya kosakwana theka la milimita, n'kutsetseretsa pamwamba pake kabaluni kovala stent. Akakapopa, magazi amaima kwa masekondi angapo, ndipo wodwala amamva ululu womwe uja amaumva pachitunda. Ena amabuula, namwino n'kuwauza kuti apirire pang'ono. Kabaluni kakaphwa amakatulutsa, stent n'kutsala itakanirira kukhoma mpaka kalekale. Akapoperanso mankhwala aja, powonda paja palibenso. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ali ndi kabandeji pamkono.

Munthu amene waona zithunzi ziwirizi, cha poyamba ndi cha pambuyo, savuta kumukopa. Mfundo ya mbali yoyambayi aliyense amaimva: paipi ya madzi ikayamba kutsekeka ndi dzimbiri, sudikira kuti pampopi paume, umaitsegula. Mtsempha wotsekeka ndi magawo 80 pa 100, iwo amati, ndi ngozi imene ikungodikira tsiku lake, ndipo dokotala amene wauona n'kuusiya adzayankha chiyani pamaso pa mayi wamasiye? Kwa zaka zambiri maganizo amenewa ndiwo ankalamulira, ndipo anali ochepa amene ankaona chifukwa chowayesera.

Otsutsa amati cholakwika chili pafanizo la paipi lomwelo. Mtsempha ndi mnofu wamoyo, ndipo matendawa sakhala pamalo amodzi. Munthu wokhala ndi malo amodzi owonda kwambiri amakhalanso ndi zotupa zina za mafuta zambirimbiri m'mitsempha yonse itatu, zina zosaoneka n'komwe pa X-ray chifukwa zimakulira m'kati mwa khoma. Chodabwitsa chimene akatswiri anapeza m'zaka za m'ma 1980 n'chakuti heart attack nthawi zambiri imachokera pa zotupa zofewa zimene sizinatseke njira kwambiri, osati pamalo owonda aja okha. Stent imakonza masentimita 2 kapena 3. Mapiritsi otsitsa mafuta otchedwa statin, asipirini, mankhwala a BP ndi a shuga, kuphatikizapo kusiya fodya, zimafika paliponse pamene magazi amafika.

Mfundo ziwirizi zinakakumana m'bwalo mu 2007. Kafukufuku wa COURAGE anatenga odwala 2,287 a ku America ndi Canada n'kuwagawa mwamayere: theka anatsegulidwa mtsempha n'kumamwanso mankhwala, theka anangomwa mankhwala. Atawatsatira zaka 4.6, anapeza kuti omwalira kapena ogwidwa ndi heart attack anali 19 pa 100 alionse m'gulu la stent, ndi 18.5 m'gulu la mankhwala okha. Kusiyana kunalibe. A mbali ya stent sanagonje. Anati ma stent ogwiritsidwa ntchito anali akale, osapakidwa mankhwala. Anati odwala kwambiri madokotala awo sanawalole kulowa m'kafukufukuyo. Analozanso kuti mwa odwala atatu alionse a gulu la mankhwala, mmodzi anadzafunikabe kutsegulidwa mtsempha pambuyo pake, ngakhale mfundo imeneyi ikhoza kuwatembenukira, poti ikutanthauzanso kuti awiri mwa atatu sanafunike. Mu 2012 kafukufuku wa FAME 2 anawapatsa mphamvu. Posankha malo okhawo amene kawaya koyeza kayendedwe ka magazi kanaonetsa kuti akumana mtima chakudya, odwala obwerera kuchipatala mwadzidzidzi kudzatsegulidwa mtsempha anali 2 pa 100 m'gulu la stent ndi 11 m'gulu la mankhwala. Koma imfa sizinasiyane, ndipo otsutsa anati wodwala wodziwa kuti mtsempha wake anausiya wowonda amathamangira kuchipatala pa kaululu kalikonse, dokotala wakenso mtima sukhala m'malo.

Boma la America linaika ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni kuti nkhaniyi ithe. Kafukufuku wa ISCHEMIA, wotsogozedwa ndi Judith Hochman ndi David Maron, anatenga odwala 5,179 m'mayiko 37, anthu amene kuyeza kunaonetsa kuti mtima wawo ukuperewera magazi ndithu, ndipo anagwiritsa ntchito ma stent amakono, ndi bypass pamene inkafunika. Zotsatira zinalengezedwa mu Novembala 2019. Patapita zaka zoposa 3, imfa zinali zofanana. M'miyezi yoyambirira gulu lotsegulidwa mitsempha linali ndi mavuto ochulukirapo, obwera ndi ntchitoyo. M'zaka zotsatira linali ndi heart attack zocheperako. Zonse zitaphatikizidwa, palibe anapambana. Atawatsatiranso mpaka zaka pafupifupi 6, imfa za mtima zinali zochepako mwa otsegulidwa, imfa za matenda ena zochulukirako, chiwerengero cha maliro chimodzimodzi. Tinene chilungamo: kafukufukuyu sanatenge odwala amene tsinde la mitsempha yakumanzere lachepa, kapena amene mtima wawo unafooka kale kwambiri. Amenewo ndi nkhani ina, ndipo ambiri mwa iwo amathandizika ndi bypass. Chimodzimodzi a shuga amene mitsempha ingapo yawonongeka: mu 2012 kafukufuku wa FREEDOM, pa odwala 1,900, anapeza kuti ochekedwa chifuwa ankakhala moyo kuposa oikidwa ma stent, ngakhale njira yawo ndi yowawa.

Ngati phindu la moyo palibe, zovuta za ntchitoyi ziyenera kuwerengedwa mosamala, pakuti walira mvula walira matope. Zambiri zimayambira pakhomo pomwe kapaipi kanalowera. Kale kankalowera m'mphechepeche mwa ntchafu, pamene mtsempha ndi waukulu ndiponso wakuya. Wodwala ankagona chagada maola ambiri osapinda mwendo, ndipo ena magazi ankatayikira m'kati, kumbuyo kwa mimba, osaoneka, mpaka BP itagwa. Njira ya pamkono, imene Lucien Campeau anaiyamba ku Montreal mu 1989 ndipo Ferdinand Kiemeneij anaikulitsa ku Amsterdam, inachepetsa kwambiri vutoli, ngakhale kuti mwa odwala ena mtsempha wa pamkonowo umadzatsekeka, kawirikawiri mwini wake osamva kanthu. Mankhwala a ayodini aja amalemetsa impso, makamaka za okalamba, a shuga ndi amene impso zawo zinayamba kale kufooka. Ambiri zimabwerera mwakale pakapita masiku, ochepa amafika pa makina otsuka magazi. Kapaipi kakhoza kugumula kachidutswa ka mafuta mumtsempha waukulu wotuluka mumtima, kachidutswako n'kukatseka mtsempha wa muubongo, munthu n'kuchita sitiroko. Timafuta tina tophwanyidwa ndi baluni timatsikira m'timitsempha ting'onoting'ono n'kupha kachigawo ka mtima, kapena stent imatseka pakamwa pa nthambi ya mtsempha. Ndiye kuti munthu wapeza heart attack yaing'ono kuchokera kuchithandizo chomwe.

Choopsa kwambiri patebulo ndi kuboola. Chimakonda kuchitika m'mitsempha ya okalamba, youma ndi kashiamu, imene nthawi zina baluni imalephera kuitambasula mpaka dokotala atayamba waipala ndi kachitsulo kozungulira kokhala ndi tizidutswa ta dayamondi kunsonga. Khoma likabooka, magazi amatayikira m'kathumba kamene kamakuta mtima. Kathumbako sikatamuka msanga. Magazi osakwana kapu imodzi amakwanira kufinya mtima kuti usathe kudzaza. BP imatsika, wodwala amene amacheza ndi anamwino mphindi zisanu zapitazo amayamba thukuta, nkhope n'kutuwa, ndipo dokotala ayenera kubaya singano kunsi kwa fupa la pachifuwa kuti atulutse magaziwo nthawi yomweyo. Izi zimagwera odwala osakwana mmodzi pa 100, ndipo imfa pa ntchito yokonzekera bwino ngati iyi nazonso sizifika mmodzi pa 100. A mbali ya stent amanena zoona akamati ziwerengerozi ndi zazing'ono. Koma ngozi yaing'ono munthu amailola mosavuta pamene akugula nayo moyo. Pamene moyo suli pamalonda, ndi bwino kuiyang'ana kawiri.

Vuto lina wodwala amapita nalo kunyumba. Kwa magazi stent ndi mlendo, ndipo amafuna kuundana pa iyo mpaka thupi litaikuta ndi khungu lake lam'kati. Ikatsekeka imatsekeka kamodzin'kamodzi, heart attack yake imakhala yaikulu, ndipo ena safika n'kuchipatala komwe. N'chifukwa chake woikidwa stent amamwa mankhwala awiri oletsa magazi kuundana, asipirini ndi clopidogrel kapena mnzake ticagrelor, kawirikawiri kwa miyezi 6 mpaka 12 osadumphitsa, kenako umodzi moyo wake wonse. Mankhwalawa nawonso amalipiritsa: zilonda zam'mimba zimatuluka magazi, kuzula dzino kumakhala nkhani, ndipo opaleshoni ina yosafulumira imayenera kudikira. Pamsonkhano wa akatswiri a mtima ku Barcelona mu 2006 kunabuka mantha akuti ma stent opakidwa mankhwala oyambirira ankatsekeka ngakhale patapita chaka, chifukwa mankhwala oletsa chipsera aja ankachedwetsanso khungu kumera. Ma stent a masiku ano ndi opyapyala, ndipo vutoli latsika kufika pa odwala osakwana mmodzi pa 100 m'chaka choyamba. Komabe si chatsopano chilichonse chimene chimaposa chakale. Stent yosungunuka yokha ya Absorb, imene inavomerezedwa ku America mu 2016 anthu akuiyimbira m'manja, inachotsedwa pamsika mu 2017 zitaoneka kuti inkatsekeka kawirikawiri kuposa yachitsulo.

Zitatere, a mbali ya stent anasamukira pamalo olimba. Chabwino, iwo anati, moyo siitalikitsa, koma ululu imachotsa. Ndipo ululu si nkhani yaing'ono. Bambo amene sangathenso kunyamula mdzukulu, mayi amene amaima katatu asanafike kumsika, moyo wawo wachepa ngakhale zaka zawo zisachepe. ISCHEMIA yemweyo anawavomereza: mwa odwala amene ankamva ululu tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata, theka analibenso ululu patatha chaka atatsegulidwa, poyerekeza ndi mmodzi mwa asanu m'gulu la mankhwala. Koma amene analibe ululu pachiyambi sanapindule kwenikweni.

Ngakhale apa panabuka funso lovuta. Kodi ululu umatha chifukwa cha stent, kapena chifukwa wodwala waona chithunzi chija n'kukhulupirira kuti wachira? Dokotala wa ku Imperial College London, Rasha Al-Lamee, ndi anzake anachita chinthu chimene ambiri ankati sichingatheke. Mu kafukufuku wa ORBITA, odwala 200 a ku Britain, atavomera okha, analowa m'chipinda, anapatsidwa mankhwala owodzeretsa, anavekedwa zomvera nyimbo m'makutu kuti asamve zokamba madokotala, kapaipi n'kulowa. Theka anaikidwa stent. Theka anangogona patebulo kwa mphindi 15, kapaipi n'kutulutsidwa popanda chochitika. Patatha milungu 6, powayendetsa pamakina oyezera mtima, a stent anaposa anzawo ndi masekondi pafupifupi 17 okha, kusiyana kumene kukanatha kungobwera mwangozi. Zotsatirazi zitatuluka mu 2017, nyuzipepala zina zinalemba ngati stent yafa.

Sinafe, ndipo anaiukitsa ndi omwewo. Odwala a ORBITA anali atadzazidwa kale mankhwala a angina, pafupifupi mitundu itatu munthu mmodzi, choncho stent inapeza ntchito yaikulu itagwiridwa kale. Mu 2023 gulu lomwelo linatulutsa ORBITA-2: odwala 301, ulendo uno atawasiyitsa mankhwala a ululuwo. Patatha milungu 12, odwala 40 pa 100 a stent analibenso ululu, poyerekeza ndi 15 a gulu limene linangogona patebulo osaikidwa stent. Ndiye kuti stent imagwiradi ntchito pa ululu, ndipo amene ankati zonse ndi chikhulupiriro chabe analakwa. Koma taonaninso chiwerengerocho. Odwala 60 pa 100 anali akumvabe ululu stent ili m'chifuwa.

Chimene chimandivuta ine kwambiri ndi zimene wodwala amauzidwa. Mu 2010 kunatuluka zotsatira za ofufuza a pachipatala china ku Massachusetts, amene anafunsa odwala 153 okonzekera kujambulidwa mitsempha. Odwala 88 pa 100 ankakhulupirira kuti stent iwateteza ku heart attack, pamene ambiri mwa madokotala awo ankadziwa kuti ingothandiza ululu. Anasaina fomu, inde, koma anasainira chinthu china. Vuto limakula chifukwa kawirikawiri kujambula ndi kuika stent zimachitika ulendo umodzi. Munthu ali chigonere, kapaipi kali kale m'mkono, mutu walemera ndi mankhwala, dokotala n'kumulozera pa sikirini kuti taonani apa. Angakane ndani? Madokotala eni ake amasekana kuti diso likaona powonda, dzanja limayabwa. Ndalama nazonso zilimo. M'chigawo cha Maryland, chipatala china chinalembera makalata odwala 585 kuwauza kuti mwina anaikidwa ma stent osafunikira, ndipo dokotala wake analandidwa chiphaso mu 2011. Ku India, boma litapeza kuti mtengo wa stent unkakwera kangapo isanafike kwa wodwala, mu Febuluwale 2017 linalamula kuti yopakidwa mankhwala isapose ma rupee 29,600. Sindikunena kuti madokotala a mtima ndi akuba. Ambiri amakhulupirira ndi mtima wonse zimene akuchita. Koma pamene chipatala chimalipidwa bwino pa stent iliyonse, n'kumapeza zochepa pa theka la ola lokhala pansi ndi wodwala kukambirana za fodya ndi mapiritsi, sikelo imapendekera yokha.

Kwa Mmalawi amene amakumana ndi nkhaniyi ku India, ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, mtsutsowu uli ndi mbali ina imene akafukufukuwa sanaiyeze. Odwala awo ankakhala kufupi ndi zipatala za mtima. Wathuyu wafika ndi ndalama zosonkha abale, tikiti yobwerera ili m'thumba. Wina anganene kuti muikeni lero, chifukwa ululu ukadzakula sadzapezanso ndalama ya ndege, ndipo kudikira ndi mwayi wa okhala pafupi. Mfundoyi ndi yolemera, sindikuipeputsa. Koma tatembenuzani. Akabwerera kwawo, clopidogrel n'kusowa ku famase kapena ndalama n'kutha m'thumba mwezi wachitatu, stent ija imasanduka mdani, ndipo chipinda chokhala ndi makina oitsegulanso m'mphindi 90 chili kutali. Kusiya mankhwalawa msanga ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene ma stent amatsekekera. Impso zikavulala, makina otsuka magazi ku Malawi ali m'zipatala zowerengeka, monga Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Munthu wa angina akasowa statin sabata imodzi, nthawi zambiri amadutsa. Wa stent yatsopano akasowa clopidogrel sabata imodzi, waika moyo pachiswe.

Ine ndikuona kuti mbali iliyonse yawina mlandu wake, koma milanduyo si yofanana kukula. Pa moyo ndi imfa, mwa munthu wa angina yokhazikika, umboni uli ndi otsutsa. Pa ululu, umboni uli ndi a stent. Choncho mapiritsi ayambe, poti ngakhale woikidwa stent sawathawa onse, ndipo stent ibwere pamene ululu ukumulanda munthu ntchito, kapena pamene mankhwala a angina akumuzunza ndi chizungulire, mutu ndi kutupa miyendo. Wotereyu akasankha stent atauzidwa zonse, sanalakwe. Koma munthu wopanda ululu, wa mtima wamphamvu, amene tsinde la mitsempha yake lili bwino, sindikuona chimene kachitsulo kangamupatse chimene sangachipeze m'botolo la mapiritsi. Ndipo pamene palibe chofulumirira, kujambula kulekanitsidwe ndi kuika, kuti wodwala adzuke, avale malaya, akambirane ndi a kunyumba.

Inu amene dokotala wakuuzani kuti mukufunika stent pamene simunagwidwe ndi heart attack, mufunseni mosapita m'mbali ngati ikutalikitsirani moyo kapena ikungochotsa ululu, ndiponso chimene chingachitike mutayamba mwayesa mankhwala kwa miyezi ingapo. Dokotala wabwino sakwiya ndi funso limeneli. Koma ululu ukakugwirani mutakhala pansi, osatha, ndi thukuta kapena kubanika, mtsutso wonsewu sukukukhudzani: thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo ngati stent muli nayo kale, musasiye clopidogrel chifukwa chakuti mukupeza bwino, kapena chifukwa wozula mano watero, musanalankhule ndi dokotala wa mtima.